Kwa achemwali ofuna kukonza mayimbidwe a kwaya yawo

Achemwali, mwafunsa komwe mungapeze zophunzirira kuyimba, poti kwaya yanu ilibe wodziwa manoti ndipo nyimbo mumangozigwira pamtima. Ndiyankheko monga munthu woyimba tena kumpingo kwathu.

Yambani ndi foni yanu yomweyo. Tsiku la pulakatisi muiike pabenchi kutsogolo, mujambule nyimbo yonse, mukamvetsere muli nokha kunyumba. Ine nditachita izi koyamba ndinagwa nkhope. Ndinkadziyesa katswiri, koma pofika vesi yachitatu ndinamva mawu anga akutsetsereka pang'onopang'ono, anyamata a besi nawo n'kunditsatira kutsikako. Pomaliza tinali pa kiyi ina, osati imene tinayambira. Palibe anandiuzapo, pajatu kukwaya timaopa kukhumudwitsana. Ambirife vuto si khosi ayi, ndi khutu.

Khutu limaphunzitsidwa ndi solofa, uja wa d r m f s l t, zilembo zoimira manoti doh, ray, me, fah, soh, lah, te. Anamufalitsa ndi John Curwen ku England m'ma 1840, potengera njira ya mayi Sarah Glover a ku Norwich, ndipo kuno anabwera ndi amishonale. Kukoma kwake n'koti doh amasuntha: kiyi ikakwera kapena kutsika, mtunda wochoka pa doh kufika pa soh susintha. Musathamangire pa intaneti musanafunse akuluakulu a mumpingo mwanu. Aphunzitsi opuma pantchito ndi amayi ena a Mvano kapena Chigwirizano amawerenga solofa ngati kalata, kungoti sitiwapempha.

Pafoni ikani pulogalamu yaulere ya piyano. Dinani noti imodzi, muiyimbe, mudinenso kuti mumve ngati mwagundadi pomwepo. Mphindi khumi patsiku n'zokwana. Pa YouTube lembani tonic solfa for beginners kapena vocal warm up, mupeza maphunziro ochuluka. Bandulo ikavuta, mmodzi achite dawunilodi, enawo agawireni pa Bluetooth.

Ngati wina ali ndi kompyuta, pali pulogalamu yolembera nyimbo ya MuseScore, nayonso yaulere. Imafuna manoti a mizere isanu aja, choncho poyamba imatopetsa, koma nyimbo ikangolowa, imayimba gawo lililonse palokha. Ife timatumiza alto yokha pagulu lathu la WhatsApp, chifukwa a alto ndiwo amakonda kuthawira ku sopulano zinthu zikathina.

Za mpweya: gonani chagada, ikani buku la nyimbo pamimba. Mukakoka mpweya likwere ndi bukulo, osati mapewa. Kenako tulutsani pang'onopang'ono mukuti sss, mukuwerenga chamumtima mpaka 20.

Zomwa mazira aawisi zija pofuna kukonza mawu zisiyeni, dzira limapita m'mimba, silidutsa komwe kumachokera mawu. Imwani madzi tsiku lonse, ndipo mawu akasasa musakakamire kukwera pamwamba. Pa pulakatisi ya sabata imeneyo khalani pabenchi, mugwire foni muwajambule anzanu.