RISC-V sikufuna chilankhulo chatsopano, achimwene

Achimwene a ku Lizulu, mwafunsa ngati muyenera kusiya C ndi Python, zilankhulo zolembera mapulogalamu a kompyuta, n'kuphunzira chilankhulo china, poti kabodi (kakompyuta kakang'ono) kamene mwagula kuti kaziyatsa pampu pa dimba la mbatatesi kali ndi purosesa (tchipi yomwe ili ngati ubongo wake) ya RISC-V. Ayi, musazisiye.

RISC-V si chilankhulo chopangira mapulogalamu. Ndi mndandanda wa malamulo amene purosesa imamva, ndipo anaiyambitsa ku University of California, Berkeley, mu 2010. Imasiyana ndi ARM, mtundu wina wa mapurosesa, pa nkhani ya umwini: wofuna kupanga tchipi ya ARM amalipira laisensi, pomwe malamulo a RISC-V ndi otseguka, aliyense angapangire purosesa yake osalipira. Malamulo ake oyambira safika ndi 50 omwe.

Ntchito yolankhula ndi purosesa inachoka kalekale m'manja mwa wolemba pulogalamu. Kuyambira pa chilankhulo cha Fortran mu 1957, kenako C ya Dennis Ritchie cha mu 1972, amene amasandutsa zomwe mwalemba kukhala malamulo a makina ndi pulogalamu yotchedwa compiler. Ma compiler a GCC ndi LLVM onse amaidziwa RISC-V, choncho C yanu yomweyo ingodutsa mu compiler yoyenera basi.

Ngati kabodi kanuko ndi ESP32-C3, ikanimo MicroPython, Python ya timabodi totere, muyambe lero lomwe. MicroPython siithamanga ngati C, koma kuwerenga chinyezi cha dothi ndi kuyatsa relay (swichi yoyatsidwa ndi kabodiko) sikufuna liwiro. Chilankhulo china, Rust, anthu amachitama, ndipo n'zoona imateteza ku zolakwika za memory (posungira zinthu pulogalamu ikamayenda), koma pa pampu imodzi ine sindingavutike nayo. Chodetsa nkhawa n'chakuti pini ya kabodiko (polumikizira waya) imatulutsa magetsi ochepa, ma voti 3.3 okha, ndiye musalumikize pampu mwachindunji, idutse pa relay.