Kodi ndi nkhanza kulipiritsa kasitomala amene bizinesi yake yalowa pansi?

FUNSO: Ndimathandiza eni mabizinesi ang'onoang'ono kulemba mafomu a msonkho opita ku MRA. Mayi ena a golosale akulephera kundilipira chifukwa malonda awo alowa pansi. Kodi ndiwaumirize, kapena ndisunge mabuku awo mpaka atalipira? Wowerenga, Limbe.

YANKHO: Kufuna malipiro a ntchito imene mwagwira si nkhanza, pakuti nanunso muli ndi lendi ndi banja, ndipo kuchepa mphamvu kwa kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 kunapweteka inu ndi mayiwo mofanana. Chimene sitingavomereze ndi kusunga mabuku awo ngati chikole. Lamulo limafuna kuti fomu ya msonkho iperekedwe pasanathe masiku 180 chaka cha bizinesi chikatha, ndipo ikachedwa MRA imalipiritsa chindapusa, choncho mukawamana malisiti ndi mabuku awo, mukuwawonjezera ngongole ina imene idzachepetsanso mwayi woti inu mulipidwe.

Khalani nawo pansi, mugwirizane zoti azilipira pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi, ndipo mgwirizanowo mulembe ndi kusayinirana. Ngati mwaganiza zowachotsera mtengo, nenani momveka kuti ndi za chaka chino chokha, poti chifundo chosalongosoledwa chimadzabala mkangano chaka chamawa. Mukhozanso kukana ntchito yatsopano, koma muwadziwitse nthawi ikadalipo kuti apeze wina.

Musayerekeze kuchepetsa ziwerengero za phindu lawo kuti ndalama yotsalayo ikhale malipiro anu, chifukwa kumeneko ndi kuzemba msonkho, ndipo ngati ndinu membala wa ICAM, bungwe la akatswiri owerengera ndalama m'dziko muno, mungathe kulangidwanso ndi bungwelo.