Kodi Ceramic ndi Pulasitiki Zingatseke Mpata wa Fupa Lophwanyika?

Mwandilembera kuti achimwene anu anachita ngozi, fupa la mwendo linaphwanyika mpaka kusiya mpata. Mwamva kuti pali zinthu zosakaniza ceramic (zinthu zolimba zonga dothi lowotcha) ndi pulasitiki zimene madokotala amaika pampatapo, kenako n'kusungunuka zokha fupa likamera, ndiye mukufuna kudziwa ngati n'zoona. Pepani kwambiri ndi zimene zakugwerani. Zinthuzo zilipodi, koma sizinafike poti n'kuzidalira pa fupa lililonse.

Fupa lathuli ndi losakaniza kale. Pafupifupi magawo awiri mwa magawo atatu a kulemera kwake ndi mchere wa kashiamu wotchedwa hydroxyapatite, ndipo kotsalako ndi ulusi wa collagen ndi madzi. Mcherewo umalimbitsa, ulusiwo umalola fupa kugonja pang'ono osathetheka. Ofufuza akungotengera nzeru imeneyi. Ceramic payokha maselo a fupa amaikonda, amakakamirapo, koma ikalemedwa imang'aluka ngati kapu yadothi. Polymer, yomwe ndi pulasitiki uja, payokha imapindika bwino, koma fupa siligwirana nayo kwenikweni.

Mu 1969 Larry Hench wa ku University of Florida anapanga galasi lotchedwa Bioglass, lomwe linagwirana ndi fupa lamoyo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, William Bonfield ku London anasakaniza hydroxyapatite ndi pulasitiki wotchedwa polyethylene, ndipo chimene anapangacho, HAPEX, chakhala chikulowa m'malo mwa timafupa ta m'kati mwa khutu. Chimenecho sichisungunuka.

Zosungunukazo ndiye zimandichititsa chidwi, ndipo vuto lake lagona pa nthawi. Chikasungunuka msanga fupa lisanakhwime, mpata uja umabwerera. Chikachedwa, chimatsekereza fupa latsopano. Polymer ya PLA ikamaphwanyika imatulutsa asidi amene angatupitse mnofu wapafupi, ndiye kuisakaniza ndi ceramic yotchedwa tricalcium phosphate kumachepetsa asidiyo. Polymer ina yotchedwa PCL imatha zaka ziwiri kapena kuposerapo isanathe. Palinso nkhani ya timabowo ta m'chinthucho: mitsempha ya magazi imafuna njira, timabowo toposa ma micrometer 100 (gawo limodzi mwa magawo khumi a milimita), apo ayi maselo a m'katikati amafa. Komatu timabowo tikachuluka, chinthucho chimafooka. Makina osindikiza a 3D akuthandiza kukonza timabowoti mwadongosolo, komabe kulowetsa magazi pakati pa chidutswa chachikulu kudakavutabe.

Mwendo umasenza thupi lonse. N'chifukwa chake pa mpata waukulu madokotala amadalirabe chitsulo chogwira fupa, pamodzi ndi fupa lotengedwa m'chiuno mwa wodwalayo, ngakhale pochotsapo pamapweteka kwa nthawi. Zosakanizazi kawirikawiri zimathandiza kudzaza mipata ing'onoing'ono kapena kuwonjezera pa fupa lotengedwalo. Mukapita kukaona achimwene, funsani dokotala kuti mpatawo ndi masentimita angati, ndiponso ngati balalo lilibe majeremusi, chifukwa njira imene angasankhe imadalira kwambiri zinthu ziwirizi.