Mwana wanga akuti foni yamuuza khalidwe lake

Funso: Ndine mayi wa ku Ngabu, m'boma la Chikwawa. Mwana wanga wamkazi, yemwe ali Fomu 3, anayankha mafunso oyesa khalidwe pa foni ya mnzake, ndipo zotsatira zinati iye ndi INFP. Kuyambira pamenepo akuti unamwino umene ankaulakalaka sungamuyenere chifukwa ndi munthu wokonda kukhala payekha, komanso wayamba kupatsa abale ake zilembo zoterezi. Kodi ndimuletse?
Mayi wodera nkhawa, Ngabu

Yankho: Mayi, musamuletse, pakuti mtsikana wofuna kudzidziwa akuchita bwino, koma mumuthandize kuona pamene mayesowa amalekezera.

Zilembo zinayizo zimachokera ku mayeso a Myers-Briggs, amene Katharine Briggs ndi mwana wake Isabel Briggs Myers anakonza ku America m'zaka za m'ma 1940 potengera maganizo a Carl Jung, katswiri wa za kaganizidwe ka anthu wa ku Switzerland, ndipo amagawa anthu m'magulu 16. Vuto lake ndi lakuti amadula pakati. Munthu amaikidwa kwa okonda kukhala paokha kapena kwa okonda gulu, pamene ambiri a ife tili pakatikati, choncho wopendekera mbali imodzi pang'ono chabe amalandira chilembo chofanana ndi cha munthu amene amathawiratu anthu. N'chifukwa chake ambiri akabwereza mayesowa patapita masabata angapo amapeza zilembo zina.

Musadabwe kuti mwanayo wakhulupirira. Mu 1948 mphunzitsi wina wa ku America, Bertram Forer, anapatsa ophunzira ake onse mawu ofanana ndendende, aliyense akuganiza kuti alembera iye yekha, ndipo pafupifupi onse anati mawuwo akuwafotokoza molondola.

Chimene chimandikhudza kwambiri ndi chakuti mafunsowa sanalembedwe poganizira mwana wa kuno ku chigwa cha Shire. Mtsikana woleredwa pakati pa Amang'anja kapena Asena amaphunzitsidwa kugwada ndi kusayankhula mwachisawawa pamaso pa akuluakulu, ndiye akavomera kuti sayankhula kwambiri pagulu, mwina akufotokoza ulemu umene munamuphunzitsa osati chibadwa chake. Mwana amene anaona madzi a namondwe wa Ana mu 2022 kapena wa Freddy mu 2023 akukokolola nyumba ndi mbewu, nakagona kumsasa, akafunsidwa ngati amada nkhawa kawirikawiri adzayankha kuti inde, ndipo foni idzati ndi mmene alili, pamene chimene akusowa ndi munthu womumvetsera. Ngakhale mayeso a Big Five, amene akatswiri amawadalira kwambiri chifukwa amayesa mlingo wa khalidwe lililonse m'malo moika munthu m'gulu, sanagwire bwino ntchito atayesedwa pa anthu a mtundu wa Tsimane ku Bolivia, malinga ndi kafukufuku wofalitsidwa mu 2013.

Khalani naye pansi, akuwerengereni zotsatirazo, ndipo pa chiganizo chilichonse mumufunse ngati akuvomereza komanso kuti zinachitikapo liti. Pamenepo ndi pamene phindu la mayesowa lili, chifukwa amapatsa wachinyamata mawu onenera zimene zinali kumuvuta kufotokoza. Za abale ake, mumuuze kuti kuzindikira kuti mlongo wake waphokoso sachita dala n'kothandiza, koma kumupatsa zilembo osamufunsa ndi kumuweruza.

Za unamwino ndikunena mosabisa: zilembo zisamulande ntchito. Khalidwe la munthu wa msinkhu wake likusinthabe ndipo lidzapitiriza kukhwima ngakhale atapitirira zaka 20. Chimene sukulu za unamwino zidzayang'ana ndi zotsatira za MSCE, makamaka pa maphunziro a sayansi monga Biology, ndipo namwino wofatsa amene amamvetsera wodwala amafunika m'chipatala chilichonse. Pa tchuthi chikubwerachi mupite naye kuchipatala chapafupi, akacheze ndi namwino ndi kumufunsa mmene ntchito yake imayendera tsiku ndi tsiku.