Abwana akuti ndalama yokwezera malipiro alibe, ndiye nditani?

Achemwali, mwati mumagwira ya m'nyumba ku Randburg, South Africa, pa R180 tsiku la maola 8, ndipo abwana akuti poti lakweza malipiro ndi boma ndiye lilipire lomwelo, apo ayi akuchepetserani masiku komanso ayamba kudula ya chipinda.

Zoti alipire ndani zija asiyireni andale, a COSATU, mgwirizano wa mabungwe a anthu apantchito, amati ndalamayo ndi yochepa, mabwana amati ikakwera anthu achotsedwa ntchito, chaka ndi chaka nyimbo yake ndi yomweyo. Koma lamulo linagamula kale, wolipira ndi amene anakulembani ntchito basi. National Minimum Wage Act, lamulo la malipiro otsikitsitsa, inayamba kugwira ntchito pa 1 January 2019 pa R20 pa ola, pofika 1 March 2025 inali R28.79, ndipo imakwera March aliyense ndiye funsani ya chaka chino. Kuyambira 2022 a m'nyumba amalandira mofanana ndi wina aliyense. Ngakhale pa R28.79 pomwepo maola 8 ndi R230.32, ndiye akukudyerani R50 tsiku lililonse.

Chakudya chimene amakupatsani, ya thiransipoti, zovala zakale za madamu, zonsezo si malipiro. Ya chipinda angadule mukagwirizana koma osapitirira 10% ya malipiro anu. Kukuchepetserani maola paokha pofuna kuzemba lamuloli ndi mlandu wina pawokha. Ngati ndalama alibedi, njira yake ndi kupempha exemption, chilolezo cholipira yocheperapo, ku Department of Employment and Labour, aonetse mmene ndalama zawo zikuyendera, akambiranenso ndi inu, ndipo olo awalole sangatsike pansi pa 90% ya ndalama ya lamuloyo. Kungodandaula pa kitchini si exemption ayi.

Yambani lero kulemba m'kabuku nthawi yolowa ndi yoweruka, sungani ma SMS a ku banki ndi mauthenga a pa WhatsApp, makamaka aja akuopsezani. Kenako pitani ku CCMA, bungwe lomva madandaulo a pantchito, mukalembe fomu 7.11, ndi ulere, sipafunika loya. Amayamba kukuyanjanitsani, zikakanika mlandu umapita ku arbitration komwe commissioner amagamula kuti akubwezereni zotsalira.

Ndikudziwa chikukuopsani ndi mapepala. Pa mlandu wa Discovery Health mu 2008, Labour Court inati mlendo olo pemiti yake itatha ndi wantchitobe ndipo CCMA imve nkhani yake. Izi sizikonza za ku Home Affairs, koma ndalama munagwirira ndi yanu. Akakuchotsani chifukwa mwafunsa, muli ndi masiku 30 okha okasuma, musadikire kuti mwina mtima wawo utsika.