Magazi ali bwino, nde si khunyu?

Achemwali ena a ku Ulongwe, ku Angónia m'dziko la Mozambique, anditumizira imelo, akuti mlongo wawo anagwa pamsika nkuyamba kuphupha, anathamanga naye ku banco de socorros (chipinda cha odwala mwadzidzidzi kuchipatala), anamutenga magazi kenako anawauza kuti magazi ali bwino. Nde akufunsa, magazi akakhala bwino ndiye kuti si khunyu? Komanso anawerenga pa intaneti za prolactin, homoni yothandiza thupi kupanga mkaka wa mmawere, akuti kodi akapemphe kuti amuyeze imeneyo?

Achemwali, palibe magazi amene amaonetsa khunyu ngati mmene kachipangizo ka malungo kamaonetsera mizere iwiri. Anthu ambiri a khunyu magazi awo amatuluka bwinobwino. Chimene a chipatala amasaka mmagazi ndi china chake chimene chamugwetsa munthuyo, makamaka chimene chingamuphe lero lomwe. Choyamba ndi shuga, chifukwa shuga akatsika kwambiri munthu amaphupha ndipo amatsitsimuka akangomupatsa glucose. Kenako malungo, kwathu kuno mwana wotentha thupi akaphupha malungo aakulu ndiye oyamba kuwaganizira. Amaonanso mchere wa sodium, HIV chifukwa cha matenda oumitsa khosi, ndipo akakhala mayi woyembekezera nde ndi BP ndi mkodzo, nkhani ina yoopsa payokha.

Tsono prolactin. Ndi zoona imakwera munthu akaphupha thupi lonse, madokotala a ubongo a ku America analemba zimenezi mu 2005, koma iwo omwewo anati magazi atengedwe pakati pa mphindi 10 ndi 20 chigwereni. Taganizani munthu wagwa ku Domwe kapena kumudzi ku Tsangano, mupeze mota (njinga yamoto), mumukweze, msewu wake umenewo, mufike muyambe mzere, mphindi 20 zinatha kalekale ndipo prolactin yayamba kale kubwerera mwakale. Komanso imakwera kwa munthu amene wangokomoka wamba, kwa mayi woyamwitsa, kwa womwa mankhwala a matenda a maganizo ngati haloperidol. Nde ine ndinganene kuti musavutike nayo, panopa masiku apita siingakuuzeni kanthu.

Lactate, asidi amene minofu imatulutsa mmagazi, ndiyo ndimaipatsako ulemu pang'ono. Minofu ikakokana mwamphamvu imakwera kwambiri, ndipo imathandiza kusiyanitsa kuphupha kwenikweni ndi kukomoka, koma nayonso pakatha ola limodzi kapena awiri yatsika, ndipo malungo aakulu amaikwezanso. CK yokha, chinthu chimene chimatuluka mminofu ikavulala, ndi yochedwa, imakwera bwino patatha tsiku limodzi kapena awiri, vuto lake kuvulala kapena jakisoni wa pathako zimaikwezanso.

Chimene chimamuthandiza dokotala kuposa zonsezi ndi amene analipo. Bwererani pamsikapo mukafunse amene anaona, anayamba wauma kaye kenako nkuyamba kugwedezeka? Maso anali otsegula? Zinatenga nthawi yaitali bwanji? Anadziluma lilime chammbali? Atadzuka anali wosokonezeka, watulo, kapena anangodzuka nkuyamba kuyankhula bwinobwino? Zikadzachitikanso, wina amugoneke chammbali, osamuika supuni kapena chala mkamwa, wina ajambule vidiyo pafoni, imeneyo dokotala amaikonda heve. Zikapitirira mphindi 5 osasiya, thamangani, pakufunika diazepam, mankhwala oletsa kuphupha.

Kugwa kamodzi nthawi zambiri sitinena kuti khunyu, amayembekezera kawiri popanda choyambitsa chooneka, motalikirana kuposa maola 24. Koma poti muli ku Angónia kumene nkhumba ndi zambiri, mufunseni dokotala za nyongolotsi ya nkhumba ija, mazira ake amachoka mchimbudzi cha munthu nkulowa mmadzi kapena mndiwo, ndipo tizilomboto tikakhazikika muubongo munthu wamkulu amayamba kugwa ngakhale sanadyepo nkhumba. Zimenezo magazi wamba sangaone, pamafunika sikani ya mutu, nde pemphani akulembereni kalata yopita kwa dokotala wamkulu ku Tete. Podikira, mlongo wanuyo asayendetse mota, asakwere padenga, asasambe kumtsinje yekha, ndipo pamoto akhale chapatali.