Kodi ndizitsanzira kamenyedwe ka akatswiri a gofu, kapena ndilimbikire masewero apafupi ndi dzenje?

Mmodzi mwa owerenga wandilembera imelo ndi funso limene ambiri osewera gofu pongodzisangalatsa amakhala nalo mumtima. Bamboyu akuti madzulo ambiri amaonera pa YouTube makanema a katswiri wa gofu Rory McIlroy oyendetsedwa pang'onopang'ono, kenako n'kupita kubwalo kukayesera kuzunguza ndodo monga amachitira katswiriyu, koma pa maenje 18 akumenyabe mpira maulendo pafupifupi 95, chimodzimodzi ndi kale. Mnzake wamuuza kuti aleke makanemawo ndipo nthawi yonse aziithera pa chip (kamenyedwe kakafupi kokweretsa mpira pa green, kapinga wosalala wozungulira dzenje) ndi putt (kugubuduza mpira pa green kulowetsa m'dzenje), popeza gofu amapambanira pafupi ndi dzenje. Akufunsa kuti amvere ziti.

Bambo, mnzanuyo wakulozerani njira yabwino ngakhale chifukwa chimene wapereka sichoona kwenikweni, ndipo makanemawo musawataye, koma musinthe chimene maso anu amafunafuna mukamawaonera.

Mukaika pamodzi makanema a akatswiri angapo, chinthu choyamba kuonekera ndi chakuti sazunguza ndodo mofanana ngakhale pang'ono. Jim Furyk ankakweza ndodo yake choongoka n'kuitembenuza m'mwamba mokhotakhota, mwanjira imene mphunzitsi aliyense akadafuna kuikonza, komabe anapambana US Open mu 2003, ndipo mu 2016 anamaliza maenje 18 ndi mikwingwirima (maulendo omenya mpira) 58 yokha, chinthu chimene palibe anali atachitapo pa PGA Tour, mipikisano ya akatswiri ya ku America. Jon Rahm sabweza ndodo kumbuyo kwambiri chifukwa anabadwa ndi phazi lamanja lopindika, moti kakolo wakeyo sapindika bwino mpaka lero. Kamenyedwe kake kanamangidwa molingana ndi thupi lake, ndipo kanamupatsa US Open mu 2021 ndi Masters mu 2023. Scottie Scheffler mapazi ake amatsetsereka akamamenya, ngati munthu woti agwa. Amene angatsanzire maonekedwe a mmodzi wa anthuwa ali ngati wovala nsapato zosokedwa molingana ndi phazi la mwini wake. McIlroy amene mumamuonerayo mutu wa driver yake, ndodo yomenyera mpira kutali kwambiri, umadutsa liwiro la mailosi 120 pa ola, pamene wosewera wamba wamwamuna amakhala pa 90 ndi pang'ono, ndipo kupotoka kwa chiuno ndi msana kumene kumabala liwirolo kunachokera m'zaka zambiri za kuphunzira kuyambira ali mwana.

Ngakhale akatswiri eni akewo kusintha kamenyedwe sikuwayendera mofulumira. Tiger Woods atapambana Masters mu 1997 mosiya anzake ndi mikwingwirima 12, anaganiza zomanganso kamenyedwe kake pamodzi ndi mphunzitsi wake Butch Harmon, ndipo chaka chotsatira anapambana mpikisano umodzi wokha pa PGA Tour. Zipatso zinaoneka mu 1999 pamene anapambana mipikisano 8. Uyu anali munthu amene gofu inali ntchito yake ya tsiku ndi tsiku, wokhala ndi mphunzitsi pambali pake.

Chimene muyenera kuimitsira kanema ndi mphindi imene ndodo ikukumana ndi mpira, chifukwa apa ndi pamene Furyk, Rahm ndi McIlroy amafanana. Akamamenya ndi iron, ndodo ya mutu wachitsulo wopyapyala, thupi limakhala litatsamira ku phazi lakutsogolo, manja amakhala atapitirira pang'ono mpira, ndipo mutu wa ndodo umakhala ukutsikabe, kotero kuti umayamba wakhudza mpira kenako nthaka. N'chifukwa chake kachigamba ka kapinga kamene amazula kamayambira kutsogolo kwa pomwe panali mpira. Osewera wamba ambiri amachita zosemphana ndi izi: amatsalira ku phazi lakumbuyo pofuna kunyamulira mpira m'mwamba, n'kukumba nthaka mpira asanaufike, kapena kuumenya pamutu. Makina oyeza ndi radar monga TrackMan anaonetsanso kuti mbali imene mpira umayambira kulowera imadalira kwambiri kumene nkhope ya ndodo yayang'ana pa mphindi imeneyo, kuposa njira imene ndodoyo yadzera. Zokhudza mpira kenako nthaka zija mungathe kudziyesa nokha popanda makina alionse. Lembani mzere pa kapinga, ikani mipira pamzerepo, ndipo mukamenya muone ngati nthaka yazuka kutsogolo kapena kumbuyo kwa mzerewo.

Tsopano za mnzanuyo. Kwa zaka zambiri anthu ankakhulupirira kuti putt ndiyo imasiyanitsa opambana ndi otsalira, mpaka pamene Mark Broadie, mphunzitsi wa pa Columbia University, anasanthula mikwingwirima yochuluka zedi yolembedwa pa PGA Tour ndi ya osewera wamba. Njira yake yowerengera, yotchedwa strokes gained, PGA Tour inayamba kuigwiritsa ntchito pa putt mu 2011. Anapeza kuti pafupifupi magawo awiri mwa atatu a kusiyana kwa osewera abwino ndi otsika kumachokera ku mikwingwirima yomenyedwa kutali kuposa mayadi 100, ndipo putt imangotenga gawo laling'ono. Choncho mawu oti gofu yonse ili pafupi ndi dzenje ndi okokomeza. Mpira umodzi wotayikira m'thengo kapena m'madzi kuchokera pa tee, poyambira dzenje, umakuwonongerani zambiri kuposa putt imodzi yophonya.

Komabe ndikanakhala inu, gawo lalikulu la nthawi yophunzira ndikanalipereka ku masewero apafupi. Katswiri wa pa PGA Tour amafikitsa mpira pa green m'mikwingwirima yoyenera pa maenje pafupifupi 12 mwa 18, pamene munthu womenya 95 amatero pa maenje owerengeka chabe, zimene zikutanthauza kuti pafupifupi pa dzenje lililonse mumakhala ndi chip m'manja. Kuwonjezera liwiro la ndodo kumafuna miyezi yambiri ndi thupi lolola, pamene chip yabwino siifuna mphamvu, ndipo munthu wa zaka 60 angathe kuiphunzira ngati mnyamata. Cholinga chanu poyamba chisakhale kuika mpira pafupi ndi mbendera ngati katswiri Phil Mickelson, koma kuthetsa chip zija zimene mpira umangoyenda mita imodzi, kapena umadumpha green yonse n'kukagwera tsidya lina, chifukwa zimenezi ndi zimene zimasandutsa mikwingwirima 5 pa dzenje kukhala 7.

Palinso phindu lina limene anthu saliganizira. Chip yabwino imafuna zomwe zija tanena: thupi ku phazi lakutsogolo, manja patsogolo pang'ono, mpira kenako nthaka. Popeza ndodo ikuyenda pang'onopang'ono, manja anu amamva bwino pamene mwakhudza mpira pakati pa nkhope ya ndodo ndi pamene mwaphonya, ndipo zimene mwaphunzirazo zimapita nanu ku 7-iron mukayamba kukulitsa kazunguzidwe. Seve Ballesteros, amene luso lake pafupi ndi green limakambidwabe mpaka lero, anaphunzira ali mwana ndi 3-iron imodzi yokha pagombe la Pedreña ku Spain, akumaigoneka ndi kuiimika kuti mpira uuluke mosiyanasiyana. Inunso musathamangire kugula wedge zambiri, ndodo zazifupi zoulutsira mpira m'mwamba. Tengani imodzi muidziwe bwino, ndipo pamene kapinga ndi wofupika, musachite manyazi kugwiritsa ntchito putter ngakhale muli kunja kwa green.

Pa putt, musadziimbe mlandu mopitirira. Akatswiri enieniwo pa mtunda wa mafiti 8, womwe ndi mamita pafupifupi 2.4, amalowetsa theka lokha la mipira yawo. Chimene chimakudyerani mikwingwirima ndi putt yaitali yosiya mpira kutali ndi dzenje, kotero phunzirani kwambiri kuyeza mphamvu pa mamita 10 kapena kupitirira, ndiponso kulowetsa mosaphonya za mita imodzi. Mu bunker, malo okumbika a mchenga, nkhani yake ndi yaifupi: sand wedge, imene katswiri Gene Sarazen anaitchukitsa atapambana nayo mpikisano wa Open wa ku Britain mu 1932, ili ndi pansi potukuka kuti izitsetsereka mumchenga, choncho menyani mchenga masentimita angapo kumbuyo kwa mpira, osachepetsa liwiro, ndipo mchengawo ndi umene udzatulutse mpira.

Musanasinthe chilichonse, sewerani maulendo angapo mukulemba pa khadi zinthu zitatu pambali pa chiwerengero cha dzenje: mipira yotayika kapena ya chilango, malo amene munachita chip kawiri, ndi ma green amene munachita putt katatu. Ngati zambiri zikugwera pa ziwiri zomalizazo, tsatirani malangizo a mnzanuyo kwa miyezi ingapo. Ngati mipira yotayika ndiyo yachuluka, jambulani kamenyedwe kanu ndi foni yoikidwa pa msinkhu wa manja anu, kumbuyo kwanu moyang'ana kumene mukumenyera, ndipo kanemayo mupite naye kwa mphunzitsi wa gofu kuti aone kagwiridwe kanu ka ndodo ndi kumene nkhope yake imayang'ana ikamafika pa mpira.